Gologolo ndi Makatoni Opanda Kanthu

Padangotero, chaka chimene mvula inachedwa, mwamuna wa Gologolo anamwalira, ndipo abale a malemuyo analanda katundu yense wa m'nyumba.

Gologolo anali pachitengwa, kumudzi kwa a Msulu, ndipo kwawo kwenikweni kunalibenso munthu woti n'kumulandira. Maliro atatha anamuuza kuti alongedze azipita. Iye analongedza bwinobwino m'makatoni: mbale, mitsuko, mphasa, mabulangete, zovala za ana ake awiri. Atamanga katoni yomaliza, mlamu wake Msulu, mng'ono wa malemuyo, anaima pakhomo.

"Tione kaye zimene mukutuluka nazo, alamu."

"Ndi zimene tinapeza awiri, ine ndi achimwene anu."

"Ndiye kuti ndi za achimwene."

Msulu anamasula makatoni onse n'kuwakhuthula. Pomaliza anasuzumira kuseri kwa chitseko n'kutenga khasu. Mpini wa khasulo anausema ndi mano ake Gologolo yemweyo, kuti uzikwana m'dzanja la mwamuna wake.

"Makatoniwo tengani," anatero Msulu. "Ife sitisunga zinyalala."

Gologolo sanalire pamaso pake. Anatola luzi, n'kuyamba kutseka katoni iliyonse ndi kuimanga monga inalili poyamba.

"Amayi, mukumangiranji mphepo?" anafunsa mwana wamkulu.

"Senza. Ndipo uziyenda ngati khosi likupweteka."

Pomanga luzi anayamba nyimbo ya kwawo, imene amayi ankaimba popita kukatunga madzi. Inali ya mbali ziwiri. Wotsogolera ankafunsa za mayi amene wachoka pakhomo mutu uli wopepuka, ndipo ovomera ankayankha kuti asamuseke popita, amudikire pobwera. Ana anavomera motsitsa mawu, ulendo n'kuyambika.

Ena posimba nkhaniyi amati makatoniwo anali zana. Sanali zana. Anali okwanira kubisa khoma limodzi la kanyumba, ndipo mayiyo ndi ana ake anawatuta maulendo angapo, masana, anthu akuona, mpaka anawaunjika onse pabwalo la mzinda wina wa nyama. Kumeneko wogawa malo anali Njiri, kapitawo, munthu wosaseka pa ntchito.

"Malo alipo, ndi kanyumba komwe, mwini wake anasamuka," anatero Njiri. "Koma lamulo lathu mulimve. Mwezi watsopano ukaoneka, akuluakulu timabwera kudzaona nyumba. Timafuna zinthu zitatu. Mtsuko, kusonyeza kuti muzimwa madzi a kuno. Mphasa, kusonyeza kuti muzigona kuno. Khasu, kusonyeza kuti muzilima kuno. Zisakhale zobwereka, zisakhale zopempha. Amene alibe timamuyesa wapaulendo, ndipo wapaulendo sitimupatsa malo."

"Zitatu zokha, Bambo Kapitawo?"

"Kwa munthu wa katundu yenseyu n'zochepa. Muli chiyani m'makatonimu?"

Gologolo anatula katoni imene inali pamutu, pang'onopang'ono, n'kubuula, dzanja lili pamsana.

"Mayi wamasiye akayamba kusimba za katundu wake amathera kulira, bambo. Mundilole ndipume."

Njiri sanafunsenso. Gologolo anasanja makatoni m'kanyumbamo, moyang'anizana ndi khomo, kuti wodutsa aliyense aziwaona. Iye ndi ana ankagona kuseri kwake, pansi penipeni. Tinene pano kuti Gologolo sankanama. Ankangosiya anthu kuti adzinamize okha.

Chuma chake chonse chinali mtedza wodzaza dzanja, umene anamanga pakona ya chitenje Msulu osaona. Njere zingapo anakwirira pansi m'nyumbamo, monga amachitira a mtundu wake. Wotsalawo anauika m'katoni yakuya, n'kuimanga akuimba nyimbo ija, ana akuvomera. Kenaka anasenza kupita kwa Nkhanga.

Nkhanga anali namkungwi ndiponso mkulu wa amayi. Panalibe chinkhoswe, chinamwali kapena maliro zimene zinkachitika iye asanaikepo mawu, ndipo thobwa lake linali lotchuka.

"Odi kuno."

"Lowani. Ndinu mayi a makatoni aja?"

"Ndine amene, amayi. Mlendo sayamba kudya asanalawitse akuluakulu."

Nkhanga anasuzumira m'katoni mpaka khosi lonse linalowa.

"Mtedza ndauona, koma ndauonera patali."

"Mbale sindinazione chisamukireni. Katoni ndi imene inali pafupi. Ndidzaitenga mawa, ndipo musavutike kuikamo kanthu. Mizinda imasiyana miyambo."

Nkhanga anatulutsa mutu msangamsanga.

"Wakuuzani ndani kuti kuno timabweza mbale yopanda kanthu?"

"Palibe, amayi. Kungoti m'njira anthu amasimba zambiri. Za thobwa lanu, mwachitsanzo. Ena amati lilipodi, ena amati ndi nkhani chabe."

"Nkhani chabe," anabwereza Nkhanga. "Mudzabwere mawa."

Mlendo atachoka, Nkhanga anathira mbale ya mapira m'katoni muja. Mapirawo anangomwazika pansi ngati a nkhuku. Anathiranso ina, n'kuthiranso ina, mpaka anaona kuti wosuzumira sangaseke. Kenaka anafika pa thobwa. Thobwa sathira m'katoni. Anasankha mtsuko wabwino, n'kuudzaza, n'kuukhazika pakati pa mapira.

M'mawa Gologolo anayesa kunyamula katoni, ndipo ulendo uno kubuula kwake kunali koona.

"Mtsukowu ndibweza dzuwa lisanalowe, amayi. Mitsuko yasowa masiku ano. Mwina ndi womwewu muli nawo."

"Womwewu? Tasuzumirani kukhitchiniko."

Gologolo anasuzumira n'kugwira pakamwa.

"Mwaona?" anatero Nkhanga. "Mukaubweza mwandinyoza. Ndi wanu umenewo. Ndipo a nkhani chabe aja mukawauze zimene mwamwa."

Madzulo ake ana anadya mpaka kukhuta, ndipo povomera nyimbo sanatsitsenso mawu.

Chachiwiri chinali mphasa. Poyenda mumzindamo Gologolo anaona kuti pampanda wa Nungu, mkulu wa asilikali, pamakhala mphasa zong'ambika tsiku lililonse. Minga ya Nungu inkakola m'bango akamatembenuka kutulo, ndipo mphasa yatsopano inkatha isanade n'komwe. Gologolo anatenga katoni yaikulu kuposa zonse, n'kuiphwasula kuti ikhale yafulati, n'kuipinda, n'kuimanga akuimba.

"Mukufuna chiyani, mayi? Pano si pamsika," anatero Nungu.

"Sindikugulitsa, Bwana. Ndabwera kudzakubwerekani katoni iyi. Muyale pamwamba pa mphasa, mugonepo, mudzandibwezera."

"Ine ndigone pa katoni ngati mlonda wa pasitolo?"

"Adzakuonani ndani? Chimene anthu amaona ndi chimene chili pampandapo. Dzulo ndinamva ana akufunsana ngati kwa Bwana kumachitika nkhondo usiku uliwonse."

Nungu anayang'ana kumpanda, n'kuyang'ana katoni.

"Isiyeni pamenepo. Mwina antchito aigwiritsa ntchito."

Patapita masiku, Gologolo anabwerera. Pampanda panalibe mphasa yong'ambika, ndipo Nungu ankaoneka ngati munthu amene wayamba kugona tulo.

"Ndadzatenga katoni yanga ija, Bwana."

Nungu anakhosomola. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chinthu chooneka ngati sefa. Dzuwa linkadutsa m'mabowo ake.

"Katoni yanu yavulala pa ntchito."

"Ogo," anatero Gologolo, akuitembenuza. "Inali yaikulu kuposa zonse. Koma musadandaule. Wondifunsa ndidzamuuza kuti inathera kwa Bwana, ikugwira ntchito yabwino."

"Musauze munthu."

"Nanga ndidzati yapita kuti?"

Nungu analowanso, n'kukoka mphasa yatsopano pa mulu umene ankasungira za mawa.

"Msilikali akagwa, wina amaima pamalo pake. Tengani iyi. Yakhala yanu, ndipo nkhani yathera pano." Anayang'ana uku ndi uku. "Makatoni aakulu otere atsala?"

"Ndimasula ina mawa, Bwana."

Gologolo anasenza mphasa n'kudutsa nayo pakati pa mzinda, osafulumira.

Chinatsala ndi khasu, ndipo mwezi wakale unali utachepa. Mumzindamo khasu losagwira ntchito linali limodzi lokha. Linkapachikidwa pakhonde la Njiri. Anamupatsa polandira udindo, koma iye ankakumba ndi mphuno monga makolo ake. Gologolo anathira mapira m'katoni, n'kuimanga, n'kuimba, ana n'kuvomera.

"Ndakubweretserani kangachepe, Bambo Kapitawo."

Njiri sanaikhudze katoniyo.

"Kapitawo salandira mphatso kwa munthu amene nkhani yake sinathe. Ndikalandira, katoni iyenera kubwerera ndi kanthu. Ndipo ndaona kumene maso anu akuyang'ana."

"Ndimangoona kuti khasulo lachita dzimbiri."

"Lichite. Mayi, dzana ndimadutsa pakhomo panu kukuwomba mphepo. Katoni yapamwamba inagwa. Katoni ya mbale ikagwa imalira. Ya zovala imagwa n'kukhala pomwepo. Yanuyo inagubuduka mpaka pakhomo."

Gologolo anayamba kusenzanso katoni yake.

"Sindikudani," anapitiriza Njiri. "Koma lamulo ndikalipindira inu lero, mawa ndilipindira Fisi. Mwezi ukaoneka tikubwera."

Gologolo anabwerera ndi katoni yake monga anapitira nayo. Atafika anaikhazika pansi n'kuyamba nyimbo, koma ana anangomuyang'ana. Mbali yachiwiri sinaimbidwe tsiku limenelo. Iye anakhala pamphasa nthawi yaitali. Akanatha kugwada kwa Nkhanga n'kuulula zonse, koma khasu lopempha lamulo silinkalola, ndipo kugwadako iye sankakufuna. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa dziko lonse panali khasu limodzi lokha limene silikanakhala lobwereka kapena lopempha, ndipo linali kuseri kwa chitseko cha Msulu.

M'mawa anawonjezera mapira m'katoni yomwe ija, n'kuikamo botolo la thobwa, ulendo wa kumudzi kumene anamuthamangitsa.

Msulu anali pakhonde, atafunda bulangete la malemu mchimwene wake ngakhale kunali kotentha.

"Alamu. Mwabwera kudzalira?"

"Ndabwera kudzathokoza. Makatoni munandipatsa aja andithandiza kwambiri. Landirani kangachepe."

Msulu anatsegula. Anaviika dzanja m'mapira mpaka m'chigongono, n'kununkhiza thobwa.

"Munachoka pano opanda ngakhale supuni. Izi mwazitenga kuti?"

"Tikudya, alamu. Tikugona pamphasa yatsopano."

"Ndafunsa kuti mwazitenga kuti."

"Inu munafufuza m'makatoni, ndipo munafufuza bwino. Koma munakhala nane zaka zonsezi osadziwa kuti ife a Gologolo chinthu chabwino timachisunga kuti?"

Maso a Msulu anatsika pansi, n'kukweranso.

"Munakwirira."

"Chimene ndinatuluka nacho inu osaona, china ndinakwirira m'nyumba yanga yatsopano. Koma pansi pake ndi pouma ngati mwala. Ndi zala munthu sangafike. Ndidikira akuluakulu adzaone nyumba tsiku lotsatira mwezi ukaoneka. Akadzangonena kuti malo ndi anga, zapansi zomwe ndi zanga, palibenso wozikhudza."

"Tsiku lotsatira mwezi ukaoneka," anatero Msulu, ngati sakusamala. "Muyende bwino, alamu."

Katoniyo sanaibweze. Anaiponya kuseri kwa nyumba Gologolo asanatuluke n'komwe pabwalo.

Mwezi unaoneka. M'mawa mwake anabwera atatu: Njiri patsogolo, Nkhanga pambuyo, Nungu pomalizira. Anthu ena anaima pakhomo kuti aone makatoni akumasulidwa.

"Mtsuko," anatero Njiri.

"Uwo uli apowo."

"Wobwereka?"

"Afunseni amayi."

"Ndinamupatsa ndine," anatero Nkhanga. "Ndili nayo yambiri."

"Mphasa."

"Iyi mwakhalapoyi."

Njiri anayang'ana Nungu. Nungu anayang'ana kudenga.

"Ndi yake. Zifukwa zake n'zausilikali."

"Khasu."

"Likubwera, Bambo Kapitawo."

"Lamulo silidziwa khasu lobwera. Lili m'katoni iti?"

Gologolo sanaloze iliyonse. Njiri anapita pa mulu uja n'kugunda katoni yapansi ndi mphuno. Mulu wonse unagwa, makatoni n'kumwazika m'nyumba monse, opepuka ngati makoko a chimanga. Pakhomo panamveka kung'ung'udza. Ana anagwira chitenje cha mayi wawo. Gologolo anaima chilili, mchira uli m'mwamba. Sankadziwa ngati Msulu adzuka m'mawa kapena athera tsikulo pa thobwa.

"Mayi," anayamba Njiri, "zandivuta kunena, koma…"

"Tandipatsani njira. Ndine mwini wake wa nkhaniyi."

Msulu anadzipanikiza pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu, khasu lili paphewa.

"Akuluakulu, musagamule kanthu. Mayi uyu anaba chuma cha malemu achimwene anga n'kudzachikwirira muno. Ndabwera kudzatenga."

"Ndinu yani?" anafunsa Njiri.

"Mlamu wake."

"Zoona, mayi? Munakwirira kanthu muno?"

"Ndinakwirira, bambo. Apo, pakona. Akumbe."

Msulu analavulira m'manja n'kuyamba. Pansi panali pouma monga anauzidwira. Anakumba, n'kupuma, n'kukumbanso, akuluakulu akuonerera. Pomaliza khasu linatulutsa njere zingapo za mtedza, ina itayamba kale kumera.

"Ndi zimenezo," anatero Gologolo. "Zinali pakona ya chitenje."

Wina pakhomo anaseka, ena n'kutsatira. Msulu anaponya khasu pansi.

"Wabisa pena. Mapira aja anawatenga kuti? Thobwa analitenga kuti? Makatoni awa ndinawakhuthula ndekha ndi manja angawa, sindinasiyemo ngakhale singano."

Kuseka kunatha. Minga ya Nungu inayamba kudzuka, kuyambira pakhosi kutsikira kumchira.

"Tabwerezani," anatero Nungu. "Munakhuthula makatoni a mayi wamasiye?"

"Zinali za achimwene."

"Ndi zovala za ana zomwe?"

Msulu anayang'ana khomo, koma pakhomo panali podzaza.

Njiri anatola khasu lija n'kuliyang'anitsitsa.

"Khasu ili ndi la yani?"

"La achimwene."

"Mpiniwu anasema ndani? Ndikuona mano."

Gologolo anayandikira n'kuika mano ake pa mpini. Anakwana m'mizere yake monga phazi m'nsapato yakale.

"Ndinausema chaka chimene tinakwatirana," anatero. "Mpini wakale unkamutupitsa m'manja mwamuna wanga."

"Si lobwereka," anatero Njiri pang'onopang'ono. "Si lopempha. Ndipo lili m'nyumba muno akuluakulu tisanatuluke." Analiimika pafupi ndi mtsuko. "Zakwana zitatu."

"Pali kanthu kamodzi kakang'ono," anatero Gologolo. "Ndinawapititsira alamu anga katoni ya mapira ndi thobwa. Mpaka lero sinabwerere."

"Thobwa lake liti?" anafunsa Nkhanga.

"Lanu lija, amayi."

Pa zonse zimene zinanenedwa tsikulo, ichi ndi chimene chinamukwiyitsa Nkhanga. Anafika pamphuno pa Msulu.

"Mwamwa thobwa langa, katoni n'kukhala nayo? Munaleredwa ndi yani? Kuno mbale sibwerera yopanda kanthu, ndipo siigona kunja. Bambo Kapitawo, makatoni awa anachoka kwawoko opanda kanthu. Awatenge, akabwere nawo monga analili asanawakhudze."

"Mudzi wawo suli m'manja mwanga," anatero Njiri.

"Ndiwaperekeza," anatero Nungu. "Miyendo yanga yafuna kuyenda."

Msulu anayang'ana minga ija. Anayamba kutola makatoni.

Njiri anatembenukira kwa Gologolo.

"Komabe, mayi, munandinamiza. Munati makatoni ndi olemera."

"Ndinatero, bambo? Ine ndinangobuula. Mayi wamasiye amabuula."

Njiri anaganiza, n'kupeza kuti n'zoona. Anthu amene analipo amati kukamwa kwake kunagwedera pang'ono. Kuseka sanaseke.

"Ife tinadziwa kalekale," anatero Nkhanga, akukonza nthenga zake. "Katoni itangofika ndinaona kuti mayiyu alibe kanthu. Ndinangofuna kumuthandiza asanachite manyazi."

"Nanenso," anatero Nungu.

Ngati anadziwadi, palibe anganene. Gologolo anawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza onse awiri, ndipo sanawatsutse tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Msulu anatuta makatoni masiku angapo, Nungu ali pambuyo pake. Popita ankapepukidwa, pobwera khosi linkalowa m'mapewa. Nthawi iliyonse akamadutsa, Gologolo ankakhala pakhomo n'kuyambitsa nyimbo ija, yofunsa za munthu wochoka mutu uli wopepuka. Poyamba ankavomera ndi ana okha. Kenaka amayi oyandikana nawo anaiphunzira, ndipo tsiku lomaliza Nkhanga mwini anatsogolera ovomera, kuti munthu asasekedwe popita, adikiridwe pobwera. Sizinabwerere zonse. Mbale zina zinali zitasweka, ndipo bulangete limodzi Msulu anali atapereka kale kwa apongozi ake. Gologolo sanalilondole.

Katundu atalowa m'malo mwake, makatoni anatsaladi opanda ntchito, ndipo ana anafunsa ngati awatenthe.

"Awa anatisunga pamene tinalibe wotisunga," anatero mayi wawo. "Satenthedwa. Bweretsani mpeni wodulira luzi."

Aakulu onse anapita kwa Nungu, amene sanafunenso zobisa. Akuya anapita kwa Nkhanga, kuti anapiye azigonamo m'nyengo yozizira. Ena Gologolo anawaphwasula n'kuwakhoma kudenga kuti fumbi la udzu lisamagwere m'chakudya. Onyowa ndi ong'ambika anawayala m'dimba, pansi pa mbewu, kuti nthaka isaume msanga, ndipo chiswe chinamaliza ntchito yotsalayo. Imodzi yafulati anapita nayo yekha kwa kapitawo.

"Nkhani yanga yatha tsopano, bambo. Ndaona kuti mumagwada pa miyala mukamadya."

Njiri anaiyala, n'kugwadapo.

"Ili bwino," anatero. "Koma iyi sibwerera, mawondo aikana. Ndikupatsani chiyani m'malo mwake?"

"Kupatsa n'kuika, Bambo Kapitawo. Ikhale choncho."

M'mawa mwake anapeza khasu la dzimbiri lija litatsamira pakhomo pake.

Inatsala katoni imodzi, yakuya ija imene inayamba ulendo ndi mtedza wodzaza dzanja. Imeneyo Gologolo sanaipereke. Mlendo akasamukira mumzindamo, makamaka amene makatoni ake akuoneka omangidwa bwino kwambiri, iye amaikamo mapira n'kukamusiyira pakhomo, osafunsa kanthu.

Nthano yathera pamenepa. Malo aja ndi a Gologolo mpaka lero, makasu ali nawo awiri, ndipo katoni ija ikadayendabe.